Maliro Opanda Olira: A Beatles ndi Mwezi wa Ogasiti 1966

M'mwezi wa Ogasiti chaka cha 1966, m'matauni ena a kumwera kwa dziko la America anthu adali kusonkha moto pamabwalo n'kumaponyamo mbale za nyimbo, zithunzi ndi mabuku a anyamata anayi a ku Liverpool, aja dziko lonse lidawadziwa ndi dzina lakuti a Beatles. Mlandu wake udali wakuti mmodzi mwa iwo, John Lennon, adati gulu lawolo latchuka kuposa Yesu. M'masiku omwewo, pa 5 Ogasiti, m'masitolo a ku England mudafika mbale yatsopano ya anyamata omwewo, ndipo pambalepo padali kanyimbo ka mphindi ziwiri zokha kotchedwa "Eleanor Rigby", kosimba za mayi wina wokhala yekhayekha ndi wansembe amene adakamuika m'manda popanda ndi mmodzi yemwe wobwera kudzalira. Mawu odzikuza aja ndiwo adadzaza manyuzipepala. Kanyimboko anthu adakagula ndithu mwaunyinji, koma onse amene adakhala pabwalo kuzenga mlandu wa Lennon sadakaitane kuti kadzapereke umboni.

Olemba mbiri ya a Beatles amakonda kuiyala ngati msewu wa zikwangwani: 1962 mbale yoyamba, 1964 kulowa mu America, 1967 chimbale cha Sgt. Pepper, 1970 kupatukana. Zonsezo n'zoona, ndipo tidzeramo. Koma ine ndiona kuti msana wa mbiri yonseyi ndi mwezi umodzi uja wa Ogasiti, pamene anyamatawo adatopa ndi phokoso la owatamanda ndi la owatukwana lomwe, naleka kuimba pamaso pa makamu, nayamba kumvetsera. Zokhalitsa zimene adatisiyira zidachokera m'kumvetserako. Tsono kuti zimveke bwino, owerenga anga, tiyambire kumene iwo adayambira.

Liverpool ndi mzinda wa padoko, pamtsinje wa Mersey, wodzaza ndi zidzukulu za anthu amene adathawa njala ku Ireland, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse udaphwasulidwa koopsa ndi mabomba. Anyamata anayiwa adabadwa m'kati mwa nkhondoyo: Ringo Starr ndi John Lennon mu 1940, Paul McCartney mu 1942, George Harrison mu 1943. Bambo ake a George adali oyendetsa basi. Ringo adakula akulowa ndi kutuluka m'chipatala, kotero kuti sukulu sadapite nayo patali. John adaleredwa ndi mayi ake aakulu, a Mimi, chifukwa banja la makolo ake lidapasuka iye ali wamng'ono. Paul ndi George adabatizidwa mu Mpingo wa Katolika potsata amayi awo, ngakhale kuti sadakulire m'tchalitchi kwenikweni. John ndi Paul adakumana pa 6 Julayi 1957 pa chisangalalo cha parishi ya Anglican ya St Peter ku Woolton, kumene John adali kuimba ndi kagulu ka anzake a kusukulu, a Quarrymen. Apa n'kuti Paul atangotaya mayi ake, a Mary, namwino ndiponso mzamba, amene adamwalira ndi khansa mu Okutobala 1956, iye ali ndi zaka 14. Patangopita chaka chikumanirane, pa 15 Julayi 1958, mayi ake a John, a Julia, adagundidwa ndi galimoto namwalira, mwana wawo ali ndi zaka 17, pamene awiriwo adali atangoyamba kuzolowerananso. Motero ubwenzi umene udabala nyimbo zotchuka koposa za m'zaka za m'ma 1960 udali wa ana awiri amasiye, amene monga mwa khalidwe la anyamata a kwawoko sankakamba za chisoni chawo. Mfundo imeneyi muisunge, tidzaifuna.

Luso sadalitole panjira. Kuyambira mu Ogasiti 1960 mpaka kumapeto kwa 1962 adapita kasanu ku Hamburg, m'dziko la Germany, kukaimba m'mabala a kudoko usiku wonse pamaso pa amalinyero oledzera, poyamba akugona m'kachipinda konyansa kuseri kwa nyumba ya kanema, ndipo kumeneko ndiko adaphunzira kumwa mapiritsi oletsa tulo. Kwawo ku Liverpool adaimba pafupifupi ka 300 m'chipinda cha pansi pa nthaka chotchedwa Cavern. M'menemo adawapeza Brian Epstein, woyang'anira sitolo ya mbale, mu Novembala 1961, nawaveka masuti, nawafunira kampani yowajambula. A Decca adawayesa pa 1 Januwale 1962 nawakana. George Martin wa ku EMI, munthu wophunzira bwino za nyimbo, adawalandira, koma sadakhutire ndi woimba ng'oma wawo, Pete Best. Apa pali banga loyamba. Mnyamata amene adavutika nawo zaka ziwiri adamchotsa mu Ogasiti 1962, mphika uli pafupi kupsa, ndipo atatu aja adalibe mtima wokamuuza okha, adatuma Epstein. M'malo mwake mudalowa Ringo. Kuti Ringo adali woimba woposa, sitikana, koma kachitidwe kake kadali ka amantha.

Kuchokera apo zinthu zidathamanga ngati moto wa m'tchire m'chilimwe. "Love Me Do" idatuluka pa 5 Okutobala 1962. Pa 11 Febuluwale 1963 adajambula nyimbo khumi tsiku limodzi kuti akwaniritse chimbale chawo choyamba, John ali ndi chimfine, mawu akumuthera. Pa 9 Febuluwale 1964 anthu pafupifupi 73 miliyoni a ku America adawaonera pa wailesi ya kanema m'pologalamu ya Ed Sullivan, ndipo mu Epulo chaka chomwecho nyimbo zisanu zoyambirira pamndandanda wa zotchuka m'dzikomo zidali zawo zokhazokha. Nyimbo za nyengo imeneyi n'za chibwenzi cha achinyamata. Mawu ake ngopepuka, koma mamangidwe ake ngolimba, ndipo malukidwe a mawu a anthu atatu oimbira pamodzi sadaguge mpaka lero. Adali kunenanso poyera kumene adaphunzira: kwa oimba akuda a ku America, monga Chuck Berry, Little Richard ndi Smokey Robinson, amene Azungu ambiri a kwawo komweko sankawawerengera. Mu Seputembala 1964, atamva kuti pabwalo la ku Jacksonville, ku Florida, akuda adzakhala kwaokha, adati sadzaimba, mpaka eni bwalo adagonja.

Koma kutchuka kudawalanda chinthu chimene woimba sangakhale popanda icho, ndicho khutu. Pa 15 Ogasiti 1965 adaimba pabwalo la masewero la Shea ku New York pamaso pa anthu 55,600, ndipo mfuu wa atsikana udakula kotero kuti zokuzira mawu za masiku amenewo sizidaphule kanthu. Omvera sadamve nyimbo, oimba sadamvane. Ringo adasimba pambuyo pake kuti m'mabwalo otero ankangoyang'ana kugwedezeka kwa anzake kuti adziwe pamene nyimbo yafika. M'mizinda ina anthu ankabwera ndi odwala ndi olumala kuti anyamatawo awakhudze, ngati kuti m'manja mwawo mudali machiritso. Munthu wa zaka makumi awiri ndi mphambu zingapo sangapembedzedwe chotero nakhala bwinobwino. Nyimbo zawo zidayamba kuulula zimenezi. "Help!" ndi yovinitsa, koma John adavomera patapita zaka kuti kudali kulira kwenikweni kwa munthu wosokonezeka. "Yesterday" Paul adaiimba yekha ndi gitala ndi zoimbira zinayi za zingwe. "In My Life" ndi nyimbo ya mnyamata wa zaka 25 wocheukira m'mbuyo ngati nkhalamba.

Umu ndimo tifikira ku mawu aja. Mtolankhani wa ku London, Maureen Cleave, adacheza ndi Lennon kunyumba kwake, ndipo nkhaniyo idatuluka m'nyuzipepala ya Evening Standard pa 4 Malichi 1966. Adapeza mnyamata wolemera zedi koma wosowa chochita, m'nyumba yodzaza ndi katundu wopanda ntchito, akuwerenga mabuku a zachipembedzo. M'kati mwa kucheza Lennon adati Chikhristu chidzanka chichepa mpaka kuzimirira, kuti a Beatles tsopano atchuka kuposa Yesu, ndi kuti Yesu mwini adalibe vuto koma ophunzira ake ndiwo adapotoza zinthu. Ku England palibe adatekeseka nazo. Koma kumapeto kwa Julayi magazini ya achinyamata ya ku America, Datebook, idasindikizanso mawuwo, ndipo aulutsi a wailesi ina ya ku Birmingham, m'chigawo cha Alabama, adayamba kumema anthu kuti atenthe mbale. Moto udafalikira. A Ku Klux Klan adakhomera mbale pamtanda. Wailesi ya boma la tsankho la ku South Africa idaletsa nyimbo za a Beatles, ndipo chiletsocho chidakhala mpaka 1971. Pa 11 Ogasiti, ku Chicago, Lennon adaima pamaso pa atolankhani nkhope itagwa, nafotokoza kuti sadatanthauze kuti iwo ngaakulu kapena abwino kuposa Yesu, koma kuti adangonena zimene adali kuona pakati pa achinyamata a ku England, potsiriza adapepesa.

Tiweruze bwanji? M'mawu ajawa mudali zinthu ziwiri, kuona ndi kulosera. Pa kuona, Lennon sadaname: matchalitchi a ku England adali kupungukadi anthu, ndipo magazini ya ansembe a chipani cha Ajezuiti ku New York, yotchedwa America, idavomera kuti aphunzitsi ambiri achikhristu akadanena zomwezo. Nyuzipepala ya ku Vatican, L'Osservatore Romano, idati kupepesa kwake n'kokwanira. Pa kulosera, adachita ngati uja adakwera pamsana pa njovu nati kunja kulibe mame: adayesa England ndiye dziko lonse, osadziwa kuti m'zaka zomwezo Mpingo udali kukula mofulumira mu Africa. Ndipo zimene adanena za atumwi zidali mwano wa munthu wowerenga pang'ono. Koma ondidabwitsa kwambiri ndi oyatsa moto aja. Iwo adalandira muyeso wa Lennon womwewo, ngati kuti Ambuye ali pampikisano wa kutchuka ndipo afunika kuwateteza kuti angatsike pamndandanda. Kutchuka sikudakhalepo muyeso wa Yesu. Tsiku limene khamu lidafunsidwa maganizo ake, lidasankha Barabasi. Sindikunena kuti onse okwiya adali oipa mtima, pakuti ambiri adali akhristu oona amene adapwetekedwadi. Komatu Birmingham yomweyo ndiwo mzinda umene, pa 15 Seputembala 1963, anthu a Klan adaphulitsa tchalitchi cha anthu akuda napha atsikana anayi. Pamene gulu lopha ana m'nyumba ya Yesu lidzuka kuteteza dzina la Yesu kwa mbale ya galamafoni, mkhristu ayenera kuyang'ana bwino amene waima naye pamotopo.

Mboni imene sidaitanidwe ndiyo nyimbo ija. Adaipeka makamaka Paul, ali ndi zaka 23, anzake akuthirirapo maganizo. Iye adasimba kuti ali mwana ankakonda kuchezera agogo okhala okha m'dera lawo, kuwagulira zinthu kusitolo ndi kumvetsera nkhani zawo. M'nyimboyi muli anthu awiri okha. Woyamba ndi mayi amene timuona m'tchalitchi ukwati wa ena utatha, onse atapita, iye akutola zotsalira. Wachiwiri ndi wansembe, Bambo McKenzie, wokonza maulaliki opanda owamvera ndi wodzisokera yekha zovala usiku. Awiriwa adutsa pakhomo limodzi la tchalitchi, koma nyimbo siwakumanitsa mpaka ndime yomaliza, kumanda, wina ali m'bokosi. Mulibe gitala, mulibe ng'oma. Mwa anayi aja palibe adakhudza choimbira chilichonse. George Martin adakonzera nyimboyi anthu asanu ndi atatu a zoimbira za zingwe, mavayolini anayi ndi zina zinayi zokulirapo za mawu okhuthala, ndipo zingwezo sizilira mokometsera monga m'nyimbo za chikondi, koma zidula mwachidulechidule, ngati mapazi a munthu wofulumira pakhonde lopanda anthu. Nyimbo yonse ingozungulira pamodzimodzi osapita patsogolo, monga moyo wa awiriwo. Mawu a Paul ngouma, ngati a mboni yongosimba zimene idaona.

Kwathu kuno timati maliro n'kulirana, ndipo ngakhale munthu amene adadana ndi mudzi wonse sasowa adzukulu omukumbira manda ndi amayi omugonera pasiwa. Choncho maliro opanda ndi mmodzi yemwe angamveke kwa ife ngati nthano. Si nthano ayi: m'mizinda ya ku England makhonsolo amaika m'manda anthu omwalira popanda wachibale wodziwika, ndipo nthawi zina pamandapo pamakhala ogwira ntchito okha. Kuika chinthu chotere pambale yogulitsa kwa atsikana a zaka 15, kuseri kwake kuli kanyimbo ka ana ka "Yellow Submarine", kudafuna kulimba mtima. Mbaleyo idakhala pamwamba pa mndandanda wa ku Britain masabata anayi.

Zimene Lennon adaziononga ndi pakamwa podzikuza, nyimboyi idazinena bwino ndiponso mwachisoni. Tchalitchi chilidi chopanda anthu, koma woimba sakondwera nazo, saseka wansembe, ndipo satiuza kuti magitala ndiwo adzalowa m'malo. Iye aona kuti pamene anthu adachoka padatsala dzenje, ndi kuti m'dzenjemo mukugwera osowa owasamala. Ine amene ntchito yanga ndi ya Bambo McKenzie yomweyo sindiimva nyimboyi ngati mwano. Ndiimva ngati funso: kodi mbusayo adali kuti masiku onse aja nkhosa yake idali kusesa pakhomo pake ili moyo? Komabe pali pamodzi pamene ndisiyana ndi wopeka. Iye atseka nyimbo osasiya ndi kadontho komwe ka chitonthozo, ngati kuti ntchito ya wansembeyo idapita pachabe. Koma pamaliro amenewo padali munthu mmodzi, ndiye wansembeyo; adabwera, naimirira pamanda, nadetsa manja ake ndi dothi. Katekisimu amawerengera kuika akufa pakati pa ntchito zachifundo, ndipo satchula chiwerengero cha anthu oyenera kupezekapo. Paul adajambula chifundo chimenecho mokhulupirika osachitcha dzina, ndipo ndiyesa n'chifukwa chake nyimboyi siikalamba: wopekayo adaona zambiri kuposa zimene adamvetsa.

Ulendo wa ku America wa mwezi umenewo udali wa mantha. Adali atangochokera ku Philippines, kumene mu Julayi adawakankhakankha pabwalo la ndege chifukwa sadapite kuphwando la mkazi wa Pulezidenti Marcos. Ku Memphis, pa 19 Ogasiti, wina adaphulitsa makombola iwo ali m'kati moimba, ndipo aliyense adacheukira mnzake kuti aone amene wawomberedwa. Pa 29 Ogasiti adaimba nyimbo 11 ku Candlestick Park, ku San Francisco, osaimbapo ndi imodzi yomwe ya m'chimbale chawo chatsopano cha Revolver, pakuti nyimbo zotero sizikadatheka pabwalo la phokoso. Umenewo udali ulendo wawo womaliza. Kuyambira pamenepo ntchito yawo idali ya m'situdiyo ya EMI pamsewu wa Abbey Road.

Chipatso choyamba cha bata limenelo chidali kubwerera ku ubwana: "Strawberry Fields Forever", dzina lochokera ku nyumba yolereramo ana ya Salvation Army imene John ankasewera m'munda mwake, ndi "Penny Lane", msewu wa kwawo. Kenaka pakati pa 1967 kudabwera Sgt. Pepper's Lonely Hearts Club Band, chimbale chimene ambiri amachiika pamwamba pa zimbale zonse za rock. Ine ndikayika. Kajambulidwe kake nkodabwitsa tikakumbukira kuti makina ake ankanyamula mizere inayi yokha ya mawu, ndipo chidaphunzitsa dziko kuti chimbale chingathe kukhala ntchito imodzi yathunthu monga buku. Koma mukachivula zokometsera, nyimbo zingapo zitsala zoonda. Zolemera ndi zimene zili m'mzere wa "Eleanor Rigby": "She's Leaving Home", ya mtsikana wothawa kwawo mbandakucha, m'mene mawu a makolo odandaula amveka pansi pa nkhani ya mwana, kotero kuti womvera asowa womuimba mlandu, ndi "A Day in the Life", yoyamba ndi munthu wowerenga za imfa ya pangozi m'nyuzipepala. Sitingabisenso kuti nyengo imeneyi idali ya chamba ndi LSD, ndi kuti a Beatles adathandiza kukometsa mankhwala amene adaononga achinyamata ambiri. John mwini wake adakodwa mu heroin gulu lisadathe.

Pa 25 Juni 1967, m'pologalamu yoyamba ya kanema yoonetsedwa nthawi imodzi m'maiko ambiri kudzera pa satelayiti, adaimba "All You Need Is Love". Ndi nyimbo yokoma kuimbira pamodzi, koma chikondi chake n'cha pachikwangwani: chilibe nkhope, chilibe mtengo, sichitsuka chilonda cha wina aliyense. Patangopita miyezi iwiri, pa 27 Ogasiti, Brian Epstein adapezeka atafa yekha m'chipinda chake ku London, ali ndi zaka 32, atamwa mwangozi mapiritsi a tulo opyola muyeso. Chilekere maulendo aja munthuyu adali atasowa pogwira, ndipo tsiku limenelo anyamata ake adali ku Bangor, ku Wales, kuphunzira kusinkhasinkha kwa mphunzitsi wa ku India, Maharishi Mahesh Yogi. Mu 1968 adamtsatira mphunzitsiyo kwawo ku Rishikesh, nabwerako pa nthawi zosiyana, John atakangana naye. George yekha ndiye adapitiriza kufunafuna Mulungu moona mtima, m'njira ya Chihindu, mpaka imfa yake.

Epstein atapita, denga lidayamba kudontha. Kampani yawo ya Apple idamwaza ndalama. John adasiya mkazi wake Cynthia ndi mwana wawo Julian natsata Yoko Ono. Ringo adanyanyala masabata awiri mu 1968, George masiku angapo mu Januwale 1969, atatopa ndi kuyesedwa mwana pamene luso lake lidali litakhwima, monga "Something" ndi "Here Comes the Sun" zidadzaonetsera chaka chomwecho. Atatu adafuna Allen Klein kuti ayendetse chuma, Paul adafuna apongozi ake, a Lee Eastman. Ambiri amaloza chala Yoko Ono, monga muja mtengwa amasenzera milandu ya abale a mwamuna wake, koma mng'alu udalipo kale iye asadafike.

Chodabwitsa n'chakuti m'kati mwa mikangano imeneyi ndimo ana amasiye aja adatsekula pakamwa. John adaimba "Julia" yekha ndi gitala, kuitana mayi ake patatha zaka khumi. Paul adapeka "Hey Jude" ali pagalimoto kupita kukaona Julian, mwana wa zaka zisanu amene bambo ake adamsiya. Chimenechi ndi chikondi chokhala ndi nkhope, ndipo mphindi zake zisanu ndi ziwiri ziposa kutali nyimbo ija ya pa satelayiti. "Let It Be" nayo idabadwa m'maloto: Paul adalota mayi ake akumulimbitsa mtima. Akatolika ambiri akamva dzina la Mary m'menemo amaganiza za Amayi Maria, ndipo Paul saletsa ena kuimva mwa njira yawo, koma wakhala akunena kuti adatanthauza mayi ake omubala. Tisaibatize nyimboyi mokakamiza. Mzamba wa ku Liverpool uja, amene mwana wake amamkumbukira akupalasa njinga pakati pa usiku kupita kwa amayi oyembekezera, ayenera ulemu wakewake.

Pa 30 Januwale 1969 adakwera padenga la ofesi yawo ku Savile Row, ku London, naimba mphindi 42 pamodzi ndi mnzawo Billy Preston mpaka apolisi adabwera. Woonera filimu ya tsikulo aona nkhope za anthu okangana zikuwala akangoyamba kuimba. Pa 20 Ogasiti 1969 adakhala onse anayi m'situdiyo komaliza, potsiriza chimbale cha Abbey Road. John adawauza mseri mu Seputembala kuti wachoka, Paul adaulula poyera pa 10 Epulo 1970, ndipo pa 31 Disembala adakasuma kukhoti kuti mgwirizano wawo uthetsedwe. Mu Epulo muja palibe mwa iwo adali atakwanitsa zaka 30. M'zaka zosakwana zisanu ndi zitatu adali atajambula nyimbo zoposa 200, ndipo chiyambire iwo dziko liyembekeza kuti gulu loimba lidzipekere nyimbo zake. Aliyense adapitiriza payekha, ndipo nyimbo zabwino sizidasowe, koma popanda Paul, John ankawawa mopitirira, ndipo popanda John, Paul ankatsekemera mopitirira.

John adawomberedwa pakhomo pa nyumba yake ku New York pa 8 Disembala 1980, ali ndi zaka 40, ndi munthu amene mwa zifukwa zake adatchulanso mawu aja a mu 1966. Miyezi itatu m'mbuyomo adali atavomera kwa mtolankhani kuti ali mnyamata ankamenya akazi, ndi kuti n'chifukwa chake ankalalikira kwambiri za mtendere. Kuulula kumeneko ndikuyesa kolemera kuposa kupepesa kwa ku Chicago. George adamwalira ndi khansa pa 29 Novembala 2001. Mu Novembala 2008 L'Osservatore Romano idatamanda nyimbo zawo, nitcha mawu a Lennon kudzitama kwa mnyamata wosokonezeka ndi kutchuka kwadzidzidzi. Manyuzipepala adalemba kuti Vatican yakhululuka, pamene mlanduwo udatsekedwa kale mu 1966. Pa 2 Novembala 2023 kudatuluka "Now and Then", yochokera pa kaseti imene John adajambula kunyumba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Makompyuta adalekanitsa mawu ake ndi piyano, adawonjezapo gitala imene George adaimba mu 1995, ndipo Paul ndi Ringo adaimaliza. Idafika pa nambala 1 ku Britain, nilandira mphoto ya Grammy mu 2025. Monga nyimbo, siifika pa zija za 1966; mphamvu yake ili pakuti ndi nkhalamba ziwiri zoimbira pamodzi ndi anzawo akufa.

Ku Woolton, m'manda a tchalitchi cha St Peter, pafupi ndi bwalo limene John adaimbapo tsiku lija la mu 1957, kuli mwala wolembedwa dzina lakuti Eleanor Rigby, mayi amene adamwalira mu 1939 ali ndi zaka 44. Mwalawo udadziwika m'zaka za m'ma 1980, ndipo chiyambire pamenepo alendo sasowapo. Paul amati dzina loyamba adalitenga kwa Eleanor Bron, amene adasewera nawo m'filimu ya Help!, lachiwiri pachikwangwani cha sitolo ina ku Bristol, koma avomera kuti ali mnyamata ankadutsa m'mandamo ndi John, ndipo mwina diso lidasunga chimene mutu udaiwala. Mayi wa pamwalayo si wa m'nyimbo uja ayi. Adali pabanja, ndipo dzina lake lidalembedwa pamwala umodzi ndi la agogo ake ndi a abale ena a m'nyumbamo.